Pakati Panga ndi Mankhwala a Khansa

Kobe
Okutobala

Amayi anga okondedwa,

Ndiyambe ndi thupi lanu. Bondo lija likukupatsani mpata tsopano pamene m'mawa kwayamba kuzizira? Nanga abambo, chifuwa chija chinatha, kapena angosiya kuchitchula kuti musawatumize kuchipatala? Ndinaona pa nkhani kuti namondwe anadutsa kwathuko ku chilumba cha Fukue mpaka sitima zinaleka kuyenda. Munandiuza kuti palibe chinaonongeka, koma ine ndimakudziwani, denga litasasuka mukhoza kunena kuti mumafuna kale kuona nyenyezi. Kuno ndilipo, ndikudzuka, ndikupita ku ntchito.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene tinalankhulana Lamlungu lomweli. Nkhani imene ndili nayo sindikanaitha pa foni. Inu foni mumaikweza mawu mpaka anthu a nyumba yachitatu amayankha nawo moni. Komanso ndinayesa ndithu. Mutandifunsa ngati ndikudya bwino, mawu anafika pakhosi, ine n'kuyamba kukamba za mvula. Choncho khalani pansi muwerenge nokha, abambo muwauze mukamaliza.

Amayi, ndine woyembekezera.

Mkamwini wanu Motoki akudziwa. Sitima yawo ya katundu ili kutali m'nyanja, ndiye uthenga unachedwa kumupeza. Ataimba foni sindinamve kanthu kanzeru, ankangoseka n'kumandifunsa ngati ndakhala pansi, ngati kuti woyembekezera saimirira. Kenako analira. Sabwera mpaka chaka chatsopano, ndipo palibe chimene angachite.

Bwenzi ili nkhani ya chimwemwe chokhachokha pakanapanda ntchito yanga. Mukudziwa kuti nditatsiriza ku yunivesite n'kukhoza mayeso a boma a za mankhwala, ndinabwera pa chipatala chino kudzaphunzira ntchito kwa zaka ziwiri pansi pa akatswiri. Chaka chachiwirichi ndinasankha mankhwala a khansa. Chiyambireni chilimwe, ntchito yanga yakhala ya m'chipinda chimene timasakanizira mankhwala othira mu diripi. Sindinakufotokozereni bwino za chipindachi chifukwa sindinkafuna kuti muzida nkhawa. Timalowamo titavala gauni, masiki, chipewa ndi magolovesi awiriawiri, ndipo manja okha ndi amene amalowa m'kabati yagalasi imene imakoka mpweya. Timatero chifukwa mankhwalawa ndi ululu. Ntchito yake ndi kupha chilichonse chimene chikukula msanga m'thupi. Ndipo inu mukudziwa kuposa ine chimene chimakula msanga kuposa zonse m'thupi la mkazi.

Mwezi watha thumba lina la diripi linadontha polumikizira ndili chilinyamulire. Mankhwala ofiira aja anatayikira pa gauni langa ndi pansi. Ndinachita zonse monga anatiphunzitsira. Ndinatulutsa anzanga, ndinapukuta, ndinavula zonse n'kukasamba, mpaka aphunzitsi anandiyamikira pamaso pa gulu kuti sindinanjenjemere. Ndinabwerera kunyumba ndikudzimva. Sindinkadziwa kuti tsiku limenelo tinali kale awiri.

Ndinadziwa Loweruka lina, fungo la mpunga ukupsa litandithamangitsira ku bafa. Musaseke, koma kachipangizo koyezera ndinakagula ku famase ya kutali, kumene sandidziwa, nditazolika ngati mwana wasukulu. Zotsatira zitaoneka, chimwemwe chinandigwira kanthawi kochepa chabe. Kenako m'maso mwanga munabwera thumba lija likudontha. Ine ndemwe ndimakhala pansi ndi odwala achitsikana n'kumawachenjeza kuti asatenge pakati ali pa mankhwala awa. Ndimawauza ndi mawu odekha chimene chingachitikire mwana. Zonsezo ndimazidziwa pamtima, ndipo tsiku limenelo ndinalakalaka ndikanakhala wosaphunzira.

Lolemba m'mawa dzina langa linali pa ntchito ya m'chipinda chija. Ndinapita ndisanaganize chochita. Ndinasamba m'manja, ndinavala gauni, masiki, magolovesi, zonse. Nditafika pa chitseko chamkati ndinaima, osatha kulowa. Kumtunda ku wodi odwala anali atakhala kale pa mipando kudikira madiripi awo, ena ochokera kutali, ndipo ine ndinali nditangoti kakasi, manja m'mwamba ngati ndikupemphera.

Kumbuyo kwanga kunali Tetsuro. Ameneyu ndi mnzanga amene tinayamba naye limodzi maphunzirowa, wa ku Osaka, wapakamwa kwambiri. Amanditcha Chilumba chifukwa cha kalankhulidwe kathu.

"Iwe Chilumba, kwanu kulibe zitseko? Umangokankha, sichiluma."

Ndinamuuza kuti sindingalowe.

"Wamwa dzulo eti? Ndimadziwa ine. Anthu ofatsa inu ndi amene mumatha mabotolo."

"Tetsuro, sindingalowe. Lero, mawa, ngakhale mkuja."

Anandiyang'ana kumaso, maso ake n'kutsikira pamimba panga, n'kubwereranso kumaso. Nthabwala zinathera pomwepo.

"Vula zimenezo utuluke. Ukuimiranji pamenepo? Tuluka!"

Ndinafunsa za odwala.

"Odwala ndisiyire ine. Iwe pita kwa Lumo. Akakuduladula ndibwera kudzatola zidutswa."

Lumo ndi dzina limene tinawapatsa Mayi Hatano, aphunzitsi athu aakulu, ngakhale palibe angalitchule iwo ali pafupi. Ndi mayi wamfupi, wa imvi, wosakweza mawu, koma akakufunsa funso limodzi umaiwala ndi dzina la mankhwala a mutu omwe. Ndinagogoda pa ofesi yawo. Ndinawerama, ndinapepesa, ndinanena nkhani yanga ndikuyang'ana nsapato zawo.

"Lero mwalowamo?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Mwadziwa liti?"

"Loweruka."

"Tsiku la thumba lija munali kale chonchi?"

"Zikuoneka choncho, aphunzitsi."

Anavula magalasi. Ine ndinkadikira kuti andifunse chifukwa chimene munthu wa pa maphunziro angachitire zinthu mosaganiza chonchi. M'malo mwake anatenga foni, anaimbira okha ku mbali ya amayi oyembekezera, n'kundiuza kuti tiyeni. Anandiperekeza okha, Amayi. Tili m'chikepe chokwerera zipinda za pamwamba, osandiyang'ana n'komwe, anati, "Ndinaiwala. Zabwino zonse. Ndipo mwachita bwino kuima pakhomo paja." Pamenepo ndiye ndinalira, masiki onse kunyowa.

Adokotala anandiunika m'mimba ndi makina. Anandionetsa kanthu kangati nyemba, ndipo pakati pake panali kadontho kakuphethira mofulumira. Anati umenewo ndi mtima. Anandifunsa za thumba lija mwatsatanetsatane, ngati mankhwala anafika pa khungu, ngati ndinavula masiki ndisanamalize kupukuta. Ndinati ayi. Anati zovala zija zimateteza ndithu, ndipo akazi ambiri a ntchito yathu anabereka ana abwinobwino atagwira ntchito yomweyi asanadziwe. Anati chiopsezo ndi chochepa. Nditafunsa ngati angandilonjeze, anati palibe dokotala woona amene angalonjeze, ngakhale kwa mayi amene sanayandikirepo mankhwala. Anandiuza kuti ndibwerenso pakati pa mwezi wa mawa, mwana atakulako, kuti adzamuunike bwinobwino mutu, msana ndi mtima.

Mawu akuti chochepa amenewa, Amayi, ine ndimawanena tsiku ndi tsiku kwa odwala. Ndimati chiopsezo chakuti mankhwalawa akuonongereni impso ndi chochepa, iwo n'kugwedeza mutu, ine n'kuganiza kuti ndawatonthoza. Pano ndadziwa mmene amamvekera ukakhala mbali inayo ya tebulo. Munthu sumva kuti ndi chochepa. Umangomva kuti chilipo.

Chichokereni tsiku limenelo andichotsa m'chipinda chija. Tsopano m'mawa ndimayankha mafunso a madokotala ndi anamwino okhudza mankhwala, masana ndimakhala ndi odwala kuwafotokozera kamwedwe kake ndi zimene angamve m'thupi. Ntchito yanga yakale yagwera anzanga, makamaka Tetsuro, amene tsopano amatuluka m'chipindamo nkhope ili ndi mizere ya masiki, msana utauma. Sadandaula, amangonena kuti mwanayo akadzabadwa adzamutche Tetsuro ngakhale atakhala wamkazi. Koma si onse ali choncho. Tsiku lina ndikusintha zovala ndinamva mkulu wina wa pantchito akuuza mnzake kuseri kwa makabati kuti ana a masiku ano amadziwa kusankha nthawi. Ndinadikira mpaka atatuluka. Masiku ano ndimangopepesa aliyense amene ndakumana naye, mpaka khosi likupweteka ndi kuwerama.

Nseru nayo siyikundisiya. Mpunga wotentha sindikuufuna, nsomba ndiye musatchule. Mwana wa msodzi kuthawa fungo la nsomba, abambo akamva aseka mpaka chifuwa chibwerere.

Pali wodwala wina amene amandiseketsa, Bambo Shiomi, mkulu wopuma pa ntchito amene ankayendetsa basi. Ali ndi khansa ya m'matumbo ndipo amabwera ndi akazi awo. Sabata yatha ndikuwafotokozera za mapiritsi atsopano, fungo la chakudya cha odwala linadutsa pakhomo, ine n'kugwira tebulo.

"Mwana iwe, pa awirife wodwala ndani? Nkhope yakoyo yayera kuposa yanga. Dzuka apo ukhale pa mpando wangawu, diripi tigawana."

Akazi awo anawamenya pa phewa.

"Bambo inu, pakamwa! Zaka zonsezi simunaphunzire kuona?"

"Kuona chiyani? Ine ndinkangoona msewu."

Mayiwo sanandifunse kanthu. Anatsegula chikwama, anatulutsa kabotolo ka maula owawasa a mumchere amene amawasungira amuna awo akamachita nseru ya mankhwala, n'kundiika limodzi m'dzanja. Anati ndiziliika pansi pa lilime m'mawa ndisanadzuke. Zikuthandiza, Amayi. Ine wa mankhwala ndachizidwa ndi mkazi wa wodwala wanga.

Tsopano ndifike pa nkhawa yachiwiri. Zaka zanga ziwiri zitha mu Malichi. Mayi Hatano akuti ndimaliza ndithu, mbali yotsala ya m'chipinda chija aisintha ndi ntchito ina. Koma mukukumbuka chaka chachitatu chimene ndakhala ndikukuuzani? Chipatala chino chimatenga munthu mmodzi yekha pa chaka kuti apitirire, achite kafukufuku, ayende ndi madokotala a khansa, mpaka adzakhale katswiri weniweni wa mankhwala amenewa. Ndi chimene ndinasiyira kwathu. Ndinapereka kale dzina langa ndisanadziwe za mwanayu. Tetsuro naye anapereka lake, ndipo pali ena ochokera ku zipatala zina. Chakacho chimayamba mu Epulo. Mwana akuyembekezeka kumapeto kwa Meyi.

Wachiwiri kwa mkulu wa famase yathu anandiitana ku ofesi. Ndi bambo waulemu, anandipatsa tiyi wa balere, anandifunira zabwino. Kenako analankhula mozungulira kwa nthawi yaitali. Anati chiyambireni maphunzirowa sipanakhalepo wophunzira woyembekezera, ndiye palibe lamulo lonena chochita. Anati komiti yosankha ingavutike. Anati mwana wakhanda amafuna mayi wake, amuna anga ali kunyanja, abale anga ali pa chilumba, ndiye kodi ndaganizapo bwino? Sananene kuti ndichotse dzina. Anangoti munthu woganizira anzake amadziwa nthawi yopatsa ena njira. Ndinathokoza, ndinawerama, ndinatuluka.

Chimene chinandipweteka n'chakuti zina mwa zimene ananenazo ndi zoona. Ndidzamusiya ndi ndani mwana? Malo osungirako ana kuno amadzaza mayi asanabereke n'komwe. Komanso ndikachotsa dzina, mu Malichi mgwirizano wanga watha, ndilibe ntchito, ndipo palibe chipatala chimene chingalembe munthu wa mimba yaikulu. Anzanga adzakhala akupita patsogolo, ine ndikuyamba kuiwala zimene ndinavutikira. Kenako ndimadzifunsa kuti ndine mayi wotani, woganiza za maphunziro pamene sindikudziwa n'komwe ngati mwana wanga ali bwino. Maganizo awiriwa amangosinthana, tulo sitikubwera bwino.

Ndinakafunsa Mayi Hatano. Anati iwo sangandisankhire, ndipo sangandilonjeze kanthu chifukwa mu komitimo ali ndi liwu limodzi lokha. Anati ndikasankhidwa adzapempha kuti ndiyambe mochedwa, koma sakudziwa ngati adzamveka. Kenako anandifunsa ngati ntchitoyi ndikuifunabe. Ndinati inde. Anati ndiye musawathandize kukukanani, alekeni akukaneni okha ngati akufuna, anene ndi pakamwa pawo chifukwa chake.

Amene anandimaliza ndi Tetsuro. Tinali pa nkhomaliro, iye akudya mpunga wake wa nyama, ine ndikutafuna bisiketi youma. Ndinamuuza kuti mwina ndichotsa dzina, ndipo malowo akhala ake. Anaika timitengo todyera pansi.

"Ndiye anthu azidzati chiyani? Kuti Tetsuro anapambana chifukwa mnzake anali ndi nseru? Ayi, mayi. Ine ndikufuna ndikugonjetse uli chilili, komiti yonse ikuona."

"Ungandigonjetse iwe? Amene unasokoneza mayina a mankhwala pamaso pa Lumo?"

"Kamodzi kokha! Anthu a pa chilumba simuiwala, eti? N'chifukwa chake kulibe nkhani zina kwanuko."

Tinaseka. Koma atayambanso kudya anati, osandiyang'ana, malowo iyenso akuwafuna ndi mtima wonse, ndipo sandimvera chisoni tsiku la mafunso a komiti. Ndinati nanenso sindimumvera. Ndikudziwa kuti akawapeza iye zidzandiwawa, ndipo ndikawapeza ine adzakhala atanyamula ntchito yanga miyezi yonseyi kuti ine ndimudutse. Sindikudziwa kuti tidzayang'anana bwanji. Komabe dzina langa sindinachotse, Amayi. Lilipo.

Dzulo atipatsa tsiku lokaonekera ku komiti. Lagwa sabata imodzimodzi ndi tsiku lokaunikitsa mwana. Kuunika kuli Lachiwiri, mafunso ali Lachinayi, sabata yachitatu ya Novembala. Nditaona ndinangokhala pansi. Ngati Lachiwiri adokotala adzandiuze zoipa, Lachinayi ndidzaima bwanji pamaso pa anthu ndikuyankha za mankhwala omwewo? Ndinaganiza zopempha kuti asinthe tsiku lina, koma kuunikako kuli ndi nthawi yake, ndipo ku komiti sindikufuna kuyamba ndi kupempha.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo ndi limodzi lokha. Bwerani, Amayi. Bwerani mudzakhale nane sabata imeneyo.

Ndikudziwa kuti ndi nthawi yoipa. Mbatata zidzakhala zikukumbidwa, zina zili pa thandala, ndipo abambo sadziwa kumene mumasunga ngakhale mchere. Ndikudziwanso kuti simunapitirirepo Nagasaki, ndipo masitima a pamtunda mumati amathamanga ngati akuthawa moto. Achimwene a Naoto akhoza kukuperekezani pa sitima ya pamadzi mpaka ku Hakata, n'kukukwezani okha sitima ya pamtunda. Mukakhala pa mpando wanu musatsikenso mpaka mutamva akulengeza siteshoni ya Shin-Kobe. Ine ndidzakhala nditaima pakhomo penipeni pa chitseko chanu. Musanyamule katundu wambiri chifukwa cha bondolo. Chipinda changa ndi chaching'ono, koma mphasa ziwiri zimakwana tikakankhira tebulo kukhoma.

Sindikukuitanirani kuphika kapena kuchapa. Pa makina aja adokotala amakhala chete nthawi yaitali, akuyendetsa kachipangizo pamimba, maso ali pa galasi, osanena kanthu. Ulendo woyamba ndinagwira chitsulo cha bedi. Ulendo uno ndikufuna ndigwire dzanja lanu. Akanena zabwino, mudzamve nane limodzi, mudzamuone mdzukulu wanu akugwedeza timanja. Akanena zina, musadzandisiye ndibwerere ndekha kunyumba.

Apongozi anga sitinawauze. Tagwirizana ndi Motoki kuti tidikire kaye kuunikaku, ndiye nkhaniyi ikhale ya m'nyumba mwathu mokha. Achimwene muwauze, popeza ndi amene akuperekezeni, koma muwapemphe agwire pakamwa.

Mundiperekere moni kwa abambo, muwauze kuti avale jekete akamapita ku doko m'mamawa. Moni kwa achimwene ndi alamu anga, ndi kwa ana awo onse awiri. Moni kwa azakhali ndi kwa amalume a ku Tomie, muwauze kuti mapiritsi a kuthamanga kwa magazi samwa pokhapokha mutu ukawawa, amamwa tsiku lililonse. Mukapita ku manda a agogo mukandiyatsireko lubani, mukawanong'oneze nkhaniyi. Iwo okha ndawalola kudziwa msanga.

Moni wotsiriza ndi wa munthu amene simunamuonepo. Sanayambe kulankhula, ndiye ndamulembera ine.

Ndine mwana wanu,
Chinatsu